Kampope Kochenjeza

M'dziko la Britain chisanu si chocheza nacho. M'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale madzi amaundana pabwalo, ndipo nkhalamba ndi makanda sangakhale bwino m'nyumba yopanda chofunditsa. Kale eni dzikolo ankaotha moto wa malasha, koma utsi wake utapha anthu zikwizikwi mumzinda wa London mu Disembala 1952, boma linaika lamulo lochepetsa utsi mu 1956. Pang'ono ndi pang'ono nyumba zambiri zinayamba kufunditsidwa ndi madzi otentha oyenda m'mipope.

Makonzedwe ake ndi otere. Pali boyila imene imatenthetsa madzi, ndi pampu imene imawakankhira ku marediyeta a m'zipinda kufikira abwererenso ku boyila. Tsono madzi akatentha amafutukuka: malita 100 amawonjezeka ndi malita pafupifupi 4 pofika pa kuwira. Chifukwa cha ichi, nyumba zamakedzana zili ndi kathanki kakang'ono kudenga, kolandira madzi ofutukukawo. Mpope wina umatsitsa madzi kuchokera m'kathankiko, wina wotseguka kukamwa umaweramira pamwamba pake kuti mpweya uzitulukira. Ndipo cha kumlomo kwa kathankiko kuli kampope kachitatu, koboola khoma kutulukira kunja. Kameneka kamakhala kouma zinthu zikakhala bwino; kakayamba kudontha, ndiye kuti kali ndi mawu.

Bambo wina wa ku Dedza, amene anakagwira ntchito mumzinda wa Manchester, anagula nyumba yakale ya mtundu umenewu. Chisanu choyamba chitafika, kampope kaja kanayamba kudontha pakanjira kolowera, madziwo n'kuundana usiku, kotero kuti mnansi wake anadandaula kuti anatsala pang'ono kuthyoka mwendo. Bamboyo anali munthu wosakonda mikangano. Anatenga makwerero ndi kansanza, natseka pakamwa pa kampopeko, ndipo kudontha kunaleka.

Koma mkazi wake sanakondwe. Iye anati, "Abambo, mwana akamalira usiku kodi timamutseka pakamwa, kapena timafunsa chimene chikumupweteka? Madzi amene mwawaletsa kutuluka panja apita kuti?"

Funso limeneli linali lanzeru, pakuti madzi otsekeredwa njira sabwerera kumene achokera. Amadzaza kathanki, nasefukira pa siling'i, ndipo pansi pa siling'iyo ndi pamene ana amagona. Zoopsa za kudenga si nthano: mu 2006, m'tauni ya Taunton, khanda linamwalira pamene chipangizo choletsa madzi kutentha mopitirira chinawonongeka, madzi owira nakwera kukafewetsa thanki ya pulasitiki, imene inakhuthukira m'chipinda chogona. Bambo uja atalingalira mawu a mkazi wake, anachotsa kansanzako tsiku lomwelo, nakwera kudenga ndi tochi kuti afunse mlandu bwinobwino.

Woyamba kufunsidwa anali mpira woyandama umene umatseka madzi olowa m'kathanki, wofanana ndi wa m'thanki ya chimbudzi chamadzi. Kawirikawiri wolakwa amakhala ameneyu, chifukwa kamphira ka m'kati kamatha, kapena mpirawo umabooka n'kumira. Bamboyo anaukweza ndi dzanja, madzi n'kusiyiratu kulowa, osadontha ngakhale dontho limodzi. Mpirawo unalibe mlandu.

Chachiwiri anayang'ana msinkhu wa madzi. Boyila ikazizira, kathankiko kayenera kukhala ndi madzi ochepa, osafika ngakhale theka, kuti ofutukuka apeze malo. Anatungamo madzi kufikira atatsika pa msinkhu woyenera, nalemba chizindikiro ndi pensulo.

Chachitatu anazimitsa boyila, namangirira mpira uja m'mwamba ndi chingwe, nadikira usiku wonse. Kuyesa kumeneku kuli ndi chifukwa chake. M'kati mwa thanki ya madzi osamba muli mpope wopindidwa ngati nkhata, m'mene mumadutsa madzi a ku boyila. Nkhatayo ikabooka, madzi ochokera ku thanki yaikulu ya kudenga, ngati ali pamwamba kuposa a m'kathanki kakang'ono, amaloweramo ndi kukwera mwakachetechete kufikira atasefukira, ngakhale moto uli wozima. M'mawa mwake madzi anali pa chizindikiro chomwe chija. Nkhata inali yamoyo.

Chachinayi anapempha mkazi wake kuti ayatse boyila iye ali kudenga. Pampu itangoyamba kuzungulira, mpope wotseguka uja unayamba kulavula madzi ofunda m'kathanki, ndipo msinkhu unakwera osatsikanso. Apa mlandu unaoneka mutu wake: madzi anali kulowa, koma njira yotsikira inali yotseka.

Pamenepa bamboyo anaitana mmisiri wa mipope, ndipo anachita bwino, popeza ku Britain lamulo sililola munthu wamba kumasula zipangizo za gasi. Kuyambira mu 2009 amisiri ovomerezeka amalembedwa m'kaundula wa Gas Safe Register. Mmisiriyo atamva zonse zimene zinayesedwa, anatulutsa kamaginito m'thumba, nakayendetsa pa mpope wotsitsa madzi. Maginito sagwira mkuwa, koma pofika pamphambano pamene mpopewo umakumana ndi unzake, kanakakamira zolimba. M'kati munali matope akuda a chitsulo, ochokera ku dzimbiri la marediyeta, amene anauma ngati mwala. Choipa china n'chakuti madzi olavulidwa m'kathanki amatenga mpweya watsopano, ndipo mpweyawo umakulitsa dzimbiri. Chotero matendawo amadzidyetsa okha. Mmisiri anadula chigawo chotsekacho, naika chatsopano, natsuka mipope yonse, nathiramo mankhwala oletsa dzimbiri. Kampope ka pakhoma kanauma kokha.

Nyumba zambiri za masiku ano zilibe kathanki kudenga, popeza mipope yake ndi yotsekedwa, koma nazonso zili ndi kampope kochenjeza, kamene kamataya madzi panja mphamvu yake ikafika pa 3 bar. Amisiri sanasiye mwambo wopatsa nyumba pakamwa ponenera mavuto ake.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Kampope kodontha kamasowetsa mtendere, monga amachitira mwana wofunsa mafunso kapena mkazi wonena zoona, koma kulakwa sikuli mwa iko. Munthu wopupuluma akadasintha mpira woyandama, nataya ndalama, madzi n'kumadonthabe. Wodekha amayamba ndi chapafupi, nayesa chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, nalemba chizindikiro, nadikira, ndipo pofika pamene nzeru zake zathera amaitana wodziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene atseka pakamwa pa wochenjeza amagona bwino usiku umodzi kapena uwiri, koma madzi amakhala akukwerabe pamwamba pa mutu wake.