Peni Imadziwika pa Nibu

Ntchito yanga yeniyeni ndi yokonza mawotchi, koma anthu a kuno ku Mwaya, mpaka ku Kande ndi ku Chintheche, amandidziwa chifukwa cha dzanja. Kukakhala ukwati, ubatizo, kapena ana akamatsiriza maphunziro, masatifiketi amabwera kwa ine kuti ndilembepo mayina ndi peni ya inki. Kukonza mapeni kunangobwera kokha, pakuti zipangizo zake ndi zomwezo: galasi lokulitsira, kopanira kakang'ono, ndi kuleza mtima. Lusoli ndinalitengera kwa malume, omwe anali kalaliki ku Bulawayo.

Kwathu kuno peni ya inki si yachilendo. Mishoni ya Livingstonia itasamuka ku Cape Maclear kudzakhazikika ku Bandawe mu 1881, Atonga anathamangira sukulu, ndipo ambiri anakapeza ukalaliki ku Rhodesia ndi ku Joni. Clements Kadalie wa ku Chifira, uja anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anatuluka m'sukulu zomwezi. Munthu pobwerako ankatsika Ilala pa doko la Nkhata Bay atavala suti, wotchi pamkono, Parker itapanidwa pa thumba la jekete kuti kamuvi kake kazionekera. Mapeni amenewo akadali m'masutikesi. Mdzukulu akandibweretsera Parker 51, mtundu umene unayamba kugulitsidwa mu 1941, kawirikawiri ndimangoiviika m'madzi ozizira usiku umodzi, kuitsuka inki youma, mawa lake ikulemba. Koma peni yonyezimira yogulidwa mwezi watha pa Facebook, yolembedwa Montblanc, imafika itadontheza kale malaya a mwini wake.

Tisasokoneze zinthu ziwiri. Pali mapeni otchipa a ku China monga Hero ndi Jinhao, amene amalemba dzina lawolawo. Hero 616 anaitengera maonekedwe a Parker 51, zimenezo sabisa, koma pa chivindikiro palembedwa Hero ndipo mtengo wake ndi wa Hero. Ineyo masatifiketi ambiri ndimalembera Jinhao, sindichita nayo manyazi. Feki ndi ina: yaba dzina la mwini, ndipo ndalama zonse zopangira zathera pa zimene wogula amaona asanalipire. Bokosi lokongola, kabuku ka malangizo, kakhadi ka galanti, zonsezo kusindikiza n'kosavuta. Zam'kati, zimene zimalemba, amangoikamo zilizonse.

N'chifukwa chake munthu akandipatsa peni, bokosi ndimalikankhira pambali, n'kuika nibu pansi pa galasi. Nibu ili ndi mano awiri olekanitsidwa ndi kamng'alu kopyapyala, ndipo kunsonga kuli kampira ka chitsulo cholimba kamene kamakhudza pepala. Pa peni yabwino mano awiriwo amalingana, kamng'alu kali pakati penipeni, kampira n'kosalala. Pa feki dzino limodzi limakwera, lina kutsika, kampira kopendekeka, ndipo ukamalemba 8 mobwerezabwereza umamva ikukanda mbali imodzi. Zilembo za pa nibu yeniyeni n'zodindidwa mozama. Za feki n'zongokanda pamwamba, ndipo utoto wa golide umayamba kusupuka m'mbali mwa kamng'alu. Nibu ya golide weniweni imalembedwa 14K kapena 585, 18K kapena 750, ndipo maginito saikoka. Ikakokedwa, nkhani yatha. Ikapanda kukokedwa musasangalale msanga, pakuti zitsulo zina zosachita dzimbiri nazonso sizimva maginito. Mukaona mawu akuti Iridium Point Germany pa nibu ya peni yodzitcha Montblanc, bwezani ndalama m'thumba. Montblanc amapanga nibu zawo ku Hamburg, ndipo pa mapeni awo a Meisterstück amalembapo 4810, kutalika kwa phiri la Mont Blanc m'mamita.

Pansi pa nibu pali kachinthu kakuda ka timizere, kamene anthu sakayang'ana n'komwe, chonsecho ndi kamene kamalamulira peni yonse. Inki ikamatsika, mpweya uyenera kukwera kukalowa m'malo mwake, ndipo kachinthuka ndiko kamayendetsa zonse ziwiri. Timizereto timasunga inki yosefukira. Kuno kunyanja, mu Okutobala, peni ikakhala m'thumba pa chifuwa cha munthu, mpweya wa m'kati umafufuma ndi kutentha n'kukankha inki. Peni yabwino imaigwira m'timizere. Ya feki timizere take n'tosazama, tina totsekeka ndi pulasitiki, ndiye inki imathera m'chivindikiro, kenako pa shati yoyera ya ku tchalitchi.

Meisterstück 149, peni ikuluikulu ija, ndi imene akuba amaikonda. Yeniyeni imapopa inki kuchokera m'botolo ukapotokola kumbuyo kwake, sitsegulidwa pakati. Mukaimasula n'kupezamo katiriji, ndi feki. Thupi la yeniyeni ndi lopepuka, ndipo mukaunika ndi tochi ya foni m'chivindikiro, chakudacho chimaoneka chofiirira. Mafeki ambiri ndi achitsulo chopaka utoto, olemera, ndipo wogulitsa amakuuzani kuti kulemerako ndi umboni wa orijino. Nambala ya pa mphete ya kilipi, imene kampaniyi inayamba kuika cha m'ma 1991, nayonso amaikopera, nambala imodzi pa mapeni ambirimbiri. Ndipo tiyeni tinene zoona: peni imene kunja ili cha m'ma madola 1,000 singakupezeni pa WhatsApp pa mtengo wa thumba la chimanga.

Ngakhale Lamy Safari, peni ya pulasitiki ya ana a sukulu imene inatuluka ku Heidelberg mu 1980, ili ndi mafeki ake, ndipo awa ndi ovuta kuwazindikira pa chithunzi. Yeniyeni kawirikawiri imafika ndi kachizindikiro ka inki ya buluu pansi pa nibu chifukwa amaiyesa ku fakitale. Anthu ena amaibweza poganiza kuti ndi yogwiritsidwa kale ntchito, n'kukatenga feki yoyera bwino. Za Parker, mukaona mtundu watsopano wolembedwa England, funsani bwino, poti fakitale ya ku Newhaven inatsekedwa cha m'ma 2010.

Chovuta pa ntchitoyi si chitsulo, ndi anthu. Mapeni ambiri amene amafika pa tebulo langa ndi mphatso. Aphunzitsi ena opuma anabwera ndi yawo itakulungidwa m'mpango.

"Amisiri, taonani, mwana wanditumizira kuchokera ku Joni. Koma ikungodumphadumpha."

Ndinaiona pa galasi, n'kuwafunsa ngati akufuna kudziwa za peniyo kapena akufuna kuti izilemba.

"Izilemba basi, bambo. Zinazo ndazidziwa kale."

Ndinachotsa nibu ndi kachinthu ka pansi kaja, n'kuikamo za Jinhao, kulinganiza mano ndi chikhadabo, kusalaza nsonga pang'ono. Koma amene akufuna kugula, kapena kugulitsa kwa mnzake, ndimamuuza mosapsatira. Gulani kwa munthu amene ali ndi shopu yoti mukamupezanso mawa, ndipo atchule dzina la peniyo pa lisiti, pakuti popanda lisiti ngakhale a Competition and Fair Trading Commission zidzawavuta kukuthandizani. Pemphani kuviika nibu mu inki mulembe dzina lanu; wokana ali ndi chifukwa chake. Achibale a kunja auzeni kuti ngati ndalama ndi yochepa, atumize Pilot kapena Jinhao yeniyeni pamodzi ndi botolo la inki.

Botololo ndalitchula dala. Inki ya mapeni kuno ndi yosowa, nthawi zina ngakhale ku Mzuzu umachita kuyendayenda, ndiye anthu amathiramo ya chidindo kapena ya printa. Ya chidindo imamata m'timizere, ndipo ina siichoka ngakhale uviike sabata yonse. Parker ya agogo imene yapirira zaka 60 m'sutikesi imafa ndi zimenezo. Inki ya mapeni ikasowa, tsukani peni ndi madzi ozizira, iumitseni, muisunge, muziyamba mwalembera bolopeni.