Kabichi Wosaphika pa Chinkhoswe

Mwezi wa Okutobala ku Chitala dzuwa limaswa mtengo. Ndi m'nyengo yotereyi, m'chaka cha 2022, pamene banja lina lidakonza chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi. Mng'ono wake wa namwaliyo, yemwe adaphunzira zophikaphika ku Lilongwe, adalonjeza kukonzera alendo saladi ya kabichi. Azungu amaitcha coleslaw, ndipo dzinali lidachokera ku chiyankhulo cha Chidatchi.

Agogo ake atamva, adapukusa mutu. "Mdzukulu wanga," adatero gogoyo, "masamba osaphika ndi a kalulu. Kodi ufuna kuti akuchimuna abwerere kwawo atagwira pamimba?"

Mantha awo adali omveka. Matenda a kolera adali atabuka m'dziko muno m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho, ndipo pofika pakati pa chaka cha 2023 adapha anthu oposa 1,700. Boma la Salima lidali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Moto umapha tizilombo ta m'ndiwo, koma saladi siona moto. Mlendo mmodzi akadadwala, mbiri ya banja lonse ikadaipa.

"Agogo, khalani pafupi muziona ndithu. Mukaona cholakwika, ndisiya," adayankha mtsikanayo mwaulemu.

Mbandakucha adawiritsa madzi a pamjigo ndi kuwaziziritsa mumtsuko wovindikira. Atasamba m'manja ndi sopo, adachotsa masamba akunja a kabichi, natsuka otsalawo pamodzi ndi karoti, mpeni ndi beseni. Kenaka adadula kabichiyo mopyapyala kwambiri, namuwaza mchere, namusiya kwa theka la ola. Mchere umatulutsa madzi a m'masamba, choncho atamufinya, kabichiyo adafewa koma adali wokhumulabe bwino pomutafuna.

Vuto lidadza pa msuzi wake. Mayonezi opanga pakhomo amalira dzira laliwisi ndi mafuta, ndipo pakhomopo padalibe furiji. Dzira laliwisi silichedwa kuonongeka pa kutentha kwa kunyanja. Mtsikana uja adangoti kakasi, mpeni uli m'manja.

Apa ndi pamene agogo aja adadzuka pamkeka. Anthu a ku Chitala amaudziwa mtedza, pakuti ngakhale malo a boma ochitira kafukufuku wa zaulimi kumeneko adatchuka ndi mbewu imeneyi. Gogoyo adakazinga mtedza, naupeta m'lichero, nausinja mumtondo mpaka udasanduka chiponde. Mdzukulu adasungunula chipondecho ndi madzi owiritsa aja, nafinyiramo mandimu atatu, nathiramo shuga pang'ono. Adagwirizana kuti asasakanize msuzi ndi kabichi kufikira alendo atakhala pansi, ndiponso kuti zotsala zisagone.

Nthawi ya chakudya itakwana, agogowo ndiwo adayamba kulawa. Adatafuna pang'onopang'ono, anthu onse akuwayang'ana, kenaka adati, "Perekani kwa ankhoswe." Beseni lidabwerera kukhitchini lopanda kanthu, ndipo masiku adapita popanda uthenga wa matenda.

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Komabe kalumo kameneka kamafuna dzanja la mwini mudzi, wodziwa madzi, dzuwa ndi mbewu za kwawo. Mtsikana adadza ndi luso la kutali, gogo adadza ndi nzeru za pakhomo, ndipo kabichi wosaphika adalandiridwa ku Chitala chifukwa awiriwa adamverana.