Tsiku limodzi ku Chipyela

Nditalephera mayeso awiri ku Lichinga, komwe timaphunzira m'Chipwitikizi, mnzanga ananditengera kwawo ku Cobue kuti ndikapumitse mutu. M'mawa mwake tinakwera boti kupita ku Likoma. Chilumbachi chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique koma ndi cha Malawi, ndiye kungoponda mchenga ndinali ndafika kwathu.

Ku Chipyela tinalowa m'tchalitchi cha St Peter's, chomwe anayamba kumanga mu 1903. Kunja dzuwa likuswa mtengo, m'katimo muli zii, mozizira bwino. Akuti dzina la Chipyela linabwera chifukwa kale ankawotcherapo anthu owaganizira ufiti. Kunena zoona, mbiriyo sindinaimvetsere. Mtima unali pa foni, yomwe inali itagwira netiweki yakwathu.

Ndinaimbira mayi nditakonzeka kuwauza kuti sukulu ndikuisiya.

"Wadya?" anandifunsa.

"Ayi, amayi."

"Kadye kaye, tikambirana."

Ndinadya kondowole ndi usipa, ndinasambira, kenako tulo tinandipeza pansi pa mlambe. Pomwe mnzanga amandidzutsa kuti boti likunyamuka, mayi ndinali ndisanawaimbirenso. Lolemba ndinali m'kalasi, ndipo nkhani ija sakuidziwa mpaka lero.