Geti nambala 10000

Amene amayenda ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe akudziwa kuti nyumba za kumeneko sizioneka. Umangoona mpanda wa njerwa, mawaya a magetsi pamwamba, ndi kabowo pa geti pomwe mlonda amasuzumira kuti aone wagogoda ndani. Ntchito yanga ndi ulonda womwewo, kungoti mpanda wanga ndi kabokosi kothwanima timagetsi m'kachipinda kozizira pa ofesi ina ku Limbe. Dzina lake ndi firewall, ndipo mageti ake ndi 65,535. Anzanga a makompyuta amati ma port.

Lamulo la mpanda umenewu ndi losavuta. Wa m'kati atuluke, ndipo yankho la zomwe wakafunsa lilowe. Mlendo wongotulukira osaitanidwa abwerere. Palinso china chotchedwa NAT: makompyuta onse a mu ofesi amatuluka pa intaneti ndi adiresi imodzi, monga momwe kale mudzi wonse unkalandirira makalata pa bokosi la positi la sukulu. Powerenga nkhani kapena kutumiza imelo zonse zimayenda bwino, poti ndiwe wayamba kufunsa.

Mavuto amayamba mukafuna kuonana pa vidiyo. Iwe uli kuseri kwa mpanda wako, mnzako kuseri kwa wake, aliyense ndi mlendo pa geti la mnzake. Ndiye akatswiri anapeza nzeru. Kompyuta imafunsa seva ina ya kunja, yotchedwa STUN, kuti "Kodi kunjako ndikuoneka ndi adiresi yanji?" Awiriwo akasinthana maadiresi amagogoda nthawi imodzi, mlonda aliyense n'kumaganiza kuti akulowayo ndi yankho la mwana wa pakhomo. Zikakanika, pamabwera TURN, amene ine ndimamutcha nkhoswe: nonse mumapita kwa iye, mawu anu onse amadzera pakamwa pake. Nkhosweyo akakhala ku Johannesburg kapena ku Ulaya, ndiye kuti moni wochokera ku Limbe kupita pa Ginnery Corner wayamba wadutsa Mozambique kapena Tanzania. M'pake mumayankhana mochedwa ngati mwakwiyitsana.

Covid-19 atapezeka kuno mu April 2020, aliyense anathamangira Zoom. Ife tinaika seva yathuyathu ya Jitsi Meet, poganiza kuti mawu a a Malawi okhaokha asamazungulire kutali chonsecho Malawi Internet Exchange ili mom'muno mu Blantyre kuyambira 2008. Seva imeneyi imafuna mageti awiri makamaka: 443, pomwe pamadzera tsamba lenilenilo, ndi 10000 wa UDP, pomwe pamadzera mawu ndi nkhope. La 443 analola. La 10000 akulikulu anakana, ati tidzalowetsa akuba. Sindiwanyoza, akuba a pa intaneti alipodi. Koma mabwana ambiri amadziwa mawu awiri basi, "tsekani zonse" zinthu zikakhala phee, ndi "tsegulani zonse" msonkhano wawo ukaduka.

Tsono Jitsi ili ndi khalidwe lake. Mukakhala awiri, nthawi zambiri imakulumikizani mwachindunji, mumacheza bwinobwino. Akangolowa wachitatu, zonse zimasamukira ku seva, pa geti 10000 lija. Likakhala lotseka, mumangoona mayina a anzanu pa mabokosi akuda, kuli zii.

Mu January 2021, mwezi womwe maliro anachuluka mpaka nduna ziwiri kumwalira tsiku limodzi, mayi amene amatikonzera mu ofesi anataya amuna awo ku Bangwe. Ana awo awiri, wina ali ku Johannesburg wina ku Cape Town, ndipo South Africa inali itatseka zipata zake za pamsewu, Beitbridge yomwe. Anabwera m'kachipinda kanga ndi alamu awo, atavala chitenje chakuda, kafoni kawo ka mabatani kali m'manja.

"Achimwene, akuti inuyo mungatithandize tionane ndi anawa. Onse pamodzi, asamve padera padera."

Wa ku Johannesburg analowa, mayi ake anamuona, analira. Wa ku Cape Town atangolowa, onse anazimiririka. Mayi aja anandiyang'ana ngati ndazimitsa dala.

Ndinakwera m'mwamba kwa bwana. Ndinawauza kuti sindikupempha kugwetsa mpanda. Geti limodzi, la UDP lokha, lolunjika pa makina amodzi omwe alibe mafayilo a ndalama, ndipo makinawo ali pakhonde pawo pawokha, sangafike m'kati mwa ofesi. Ndinajambula pa pepala. Anafunsa kuti, "Nanga likulu likafunsa?" Ndinati, "Bwana, musayine apa, ndikayankha ndi ine." Anakhala kaye chete, kenako anasayina.

Kutsegulako ndi mzere umodzi wokha. Kenako umauza seva kuti adiresi yake ya m'nyumba ndi iyi, ya kunja ndi iyi, chifukwa ikapanda kudziwa imaitanira alendo ku adiresi yosafikika. Sizinathe mphindi khumi. Nkhope zitatu zinaonekera, alamu aja anavula chipewa n'kuyamba kufotokoza mwadongosolo: matenda anayamba liti, anatsirizika nthawi yanji, bokosi agula kuti, ndani apereke chiyani. Ine ndinatuluka, poti za banja si za mlonda.

Geti lija likadali lotsegula mpaka lero. Lolemba lililonse ndimawerenga kaundula wa firewall, ndipo ogogoda sasowa: makina a m'maiko omwe sindinapondeko, kuyesa geti 22, geti 3389, usiku wonse, ngati aja oyenda ndi tochi m'mphepete mwa mipanda ku Chilomoni. Onsewo amabwezedwa. Pa 10000 pamadutsa msonkhano wa Lachiwiri, aphunzitsi a mwana wa akauntanti, ndi Loweruka lina lililonse mayi aja, amene tsopano amadziwa okha podina.