Achimwene, ndikuwetadi mbozi

Okondedwa achimwene,

Ine kuno ku Deira ndili bwino, ntchito ndi yomwe ija, maola 12 pachipata cha nyumba ya eni, yunifolomu ndi buku lolembamo alendo. Ya feteleza ndatumiza kale, muione pafoni. Ndamva kuti munaseka mpaka misozi mayi a ana atakuuzani kuti ine kuno ndikuweta mbozi. Sananame ayi. Ndiloleni ndifotokoze, chifukwa ndili ndi pempho.

Kuno kuli chitsamba chomwe chimamera chokha mumchenga, m'mapuloti opanda nyumba ndi m'mbali mwa misewu yopita kuchipululu. Aluya amachitcha ushar, anzathu a ku Pakistan ndi India amati aak, m'mabuku ndi Calotropis procera. Masamba ake ndi okhuthala, otuwa ngati awazidwa ufa. Zipatso zimaoneka ngati mango osapsa, koma mukakanikiza muli mpweya ndi njere zaubweya ngati thonje. Mukathyola tsamba pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka, ndipo ndi poizoni. Ukalowa m'maso munthu amatha masiku asakuona bwino.

Mukukumbuka chimvula cha pa 16 Epulo 2024, chija munaona pa Facebook galimoto zitamira mu Dubai? Chitadutsa, puloti ina pafupi ndi pomwe ndimagwira inabiriwira, ndipo patapita miyezi mphepo inayamba kuuluzira ubweya wa njerezi pachipata panga. Ndinatolako zingapo n'kufesa mu ndowa yakale ya penti kuseri kwa nyumba. Madzi sindinagule. Makina oziziritsa m'nyumba amadontha usana ndi usiku, ndinangotchera botolo. Chomerachi kutentha kwa madigiri 45 sichikusamala n'komwe.

Nyengo itayamba kuzizirako, kunabwera gulugufe. Achimwene, ndi yemwe uja wa kwathu ku Ntcheu! Wa mapiko ofiirira ngati njerwa yootcha, nsonga zakuda zamadontho oyera, wouluka mwaulesi ngati alibe mdani. Tinkamuthamangitsa ndi nthambi pobwera kudimba. Azungu amamutcha Plain Tiger kapena African Monarch, ndipo amapezeka mu Africa monse, kuno ku Arabia mpaka ku India. Ngakhale pa chithunzi china cha m'manda a ku Egypt, cha zaka zoposa 3,000, chomwe chili ku British Museum ku London, anamujambulapo. Ine zaka zonsezi m'dziko muno sindinakumanepo ndi chinthu chakwathu chomwe chinabwera chopanda pasipoti.

Wamkazi amatera patsamba, n'kupinda mimba, n'kusiya dzira limodzi kunsi kwake, kenako kupita patsamba lina. Pakatha masiku ochepa pamatuluka kambozi. Apa ndi pomwe ndimatha nthawi yanga yopuma nditanyonyomala. Kambozi kakang'onoko sikayamba n'kudya ayi. Kamayamba kaluma tsamba mozungulira, kupanga kangalande, kuti utomoni utuluke uchepe, kenako n'kumadya m'kati mwa bwalolo. Ndani anakaphunzitsa? Ikakula imakhala ya mizere yakuda, yoyera ndi yachikasu, ndi tinyanga tofewa 6. Poizoni wa tsamba uja siifa naye, imamusunga m'thupi, ndipo amakhalamobe ikasanduka gulugufe. Mbalame ikadya imasanza, siibwerezanso. N'chifukwa chake amauluka mwamatama choncho. Ndiye musaganize za mphalabungu, izi si zokazinga.

Pakatha pafupifupi masabata awiri imasiya kudya, n'kudzikoloweka chadodolido, n'kusanduka kachikwa kobiriwira kokhala ndi timadontho tonyezimira ngati golide. Ndimadutsa ku Gold Souk kawirikawiri, koma golide yemwe ndinamuyang'anitsitsa popanda wondifunsa ngati ndigula ndi ameneyu. Sabata ndi masiku pang'ono, gulugufe watuluka.

Vuto linabwera ndi opopera mankhwala. Nyumba za kuno amazipopera kawirikawiri chifukwa cha mphemvu, ndipo sasankha. Tsiku lina ndinapeza mbozi 9 zonse zili pansi. Sabata yomweyo mayi wina wokhala m'nyumbamo anadandaula kwa abwana kuti mlonda wadzala poizoni pomwe ana amasewera. Mayiyo sanalakwe, utomoni uja ndi woopsadi. Abwana anati ndizule tsiku lomwelo. Mukudziwa kuti kuno munthu sulimbana ndi abwana, viza yako ili pa ntchito yomweyo. Ndinangopempha mwaulemu kuti ndowa ndiikweze padenga, pomwe chitseko chimakhala chokhoma ndipo kiyi amakhala ndi ine. Anaganiza kaye, n'kunena kuti akangomvanso dandaulo lina, basi. Pano ndowa zilipo zitatu. Ndinkaopa kuti pamwamba pa nsanjika zinayi agulugufe sadzafikapo, koma anafika.

Anzanga ogona nawo chipinda amati ndikupenga. Amati ukafuna agulugufe pita ku Dubai Butterfly Garden, anatsegula mu 2015 pafupi ndi Miracle Garden, ulipire pakhomo uwaone ambirimbiri m'nyumba zoziziritsidwa. Zoona. Ndipo maluwa mu mzinda uno ndi osasowa, m'misewu monse amadzala n'kumathirira ndi mapaipi. Koma gulugufe wamkulu amamwa pa duwa lililonse, pomwe mazira ameneyu amaikira pa zomera za mtundu wa utomoni woyerawu basi. Malo odyera ndi ambiri, malo olerera ana ndi ochepa. Ndikamaganiza zimenezi usiku pachipata ndimakumbuka lamulo la kuno, loti woitanitsa banja azilandira madirhamu 4,000 pamwezi, kapena 3,000 ngati nyumba akupatsidwa. Alonda ambiri sitifikapo. Timamwa kuno, ana akukulira kwanuko.

Ku America anthu amadzala dala zomera zamtunduwu m'makomo, chifukwa m'bale wake wa gulugufeyu, yemwe amauluka ulendo wautali kukafika ku Mexico, wachepa kwambiri, mwa zina kaamba ka mankhwala ophera udzu m'minda ya chimanga ndi soya.

Tsono pempho langa nali. Kumalire kwa dimba, cha kuchulu kuja, kumamera chomera cha masamba aatali owonda, chobereka timabaluni tobiriwira taubweya tomwe tinkaphulitsa tili ana. Nachonso chili ndi utomoni woyera, ndi m'bale wake wa ushar, ndipo mbozi yomweyi imadya chimenecho. Ndikudziwa kuti chibwerere ntchemberezandonda, zija boma linalengeza ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017, mbozi iliyonse kwa inu ndi mdani, ndipo sindikukutsutsani. Chimanga popereni ndithu. Koma ya mizeremizereyi siidya chimanga, siidya tomato, siidya mpiru. Mukamalambula musiyeko mitengo itatu kapena inayi, ndipo popopera muyang'ane kaye komwe mphepo ikulowera. Mbuzi musazimangirire pomwepo, ndipo ana asambe m'manja akagwira utomoni.

Mwana wathu woyamba uja wa Sitandade 5 ndamulonjeza pafoni kuti tichita mpikisano, iye kumeneko ine kuno, woyamba kupeza kachikwa ka madontho agolide atumize chithunzi. Mumubwerekeko foni yanu Loweruka, mayunitsi ndiika ine.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala a miyendo ndipatsira mnzanga wina yemwe akubwera kumudzi mwezi wamawa.

Ndine mng'ono wanu,
ku Deira.