Foni imadziwa dzina, agogo amadziwa ndiwo

Bambo atapuma pa ntchito, banja lathu linasamuka ku Ndirande n'kukakhala ku Ntcheu, chakufupi ndi msewu wopita ku Tsangano. Ife ana tinakulira kumene masamba aliwonse amagulidwa pamulu. Kuno mvula ikangogwa, kuseri kwa nyumba kumamera zinthu zomwe palibe anadzala, ndipo kupatula chisoso ndi bonongwe, tonse m'nyumbamo tinkangoti ndi tchire.

Bambo anaganiza zopopera mankhwala opha udzu bwalo lonse. Chifukwa chawo chinali chomveka: mng'ono wanga wa zaka 6 amaponya m'kamwa kachipatso kalikonse kowala. Ine ndinapempha kuti andipatse holide yonse ya Disembala ndidziwe kaye zomwe tikufuna kuphazo.

Ndinayamba ndi pulogalamu ya pafoni yomwe umajambula tsamba iyo n'kukuuza dzina. Kachomera kena ka timaluwa ting'onoting'ono, toyera m'mbali ndi chikasu pakati, inati ndi Galinsoga parviflora, kochokera ku America. Chabwino. Nanga kamadyedwa? Kamapha? Dzina la Chilatini silinandiyankhe.

Amene anandiyankha ndi agogo a nyumba yoyandikana nafe, omwe ankandiyang'ana ndikuwerama ndi foni ngati wotaya ndalama.

"Ukujambula ndiwo, mdzukulu wanga? Ameneyo ndi mwamunaaligone."

"Nanga dzinalo linabwera bwanji, agogo?"

Anati amapsa msanga moti mayi amatha kuthyola, kuphika n'kupakula bambo asanadzuke. Kwa ine amene ndimaphunzira za chiyankhulo ndi mbiri, apa m'pamene panagona nkhani. Chomera chinawoloka nyanja, chinafika m'minda ya Angoni a kwa Gomani, amayi anachilawa, anachiyesa pamoto, n'kuchipatsa dzina lomwe lasunga kaphikidwe kake ndi nthabwala ya m'banja pamodzi. Dzina la m'buku limakuuza mtundu wa chomera. Dzina la kumudzi limakuuza chochita nacho.

Masiku otsatira tinkayenda limodzi. Anandionetsa luni, yemwe amawawira pang'ono, ndi denje wa therere. Mnadzi anati masamba ake ndi ndiwo, koma tizipatso take tikakhala tobiriwira mwana asatiyandikire. Nsatsi zomwe zinamera pafupi ndi dzala anati tizule tsiku lomwelo, poti njere zake zamawangamawanga zimakopa ana koma zili ndi poizoni woopsa. Apa agogo ndi bambo anagwirizana, ndipo foni nayonso inavomereza. Chitedze anangondilozera ndi ndodo ali patali.

Sindikunena kuti mabuku ndi opanda ntchito. Jessie Williamson analemba Useful Plants of Nyasaland mu 1955, buku lomwe linatulukanso mu 1975 ndi mutu wakuti Useful Plants of Malawi, ndipo ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens komwe amasunga zomera zoumika ndi mayina ake. Koma mayina a Chichewa omwe ali m'mabuku oterewa anachokera pakamwa pa anthu ngati agogowa. Chimandiwawa n'chakuti ife ophunzira timakhulupirira msanga zomwe zasindikizidwa kusiyana ndi mwini nzeruyo ali moyo, atakhala pamkeka kuseri kwa mpanda wathu.

Ndipo nzeruyi ikuchepa limodzi ndi zomerazo. Agogo anadandaula kuti m'minda yomwe anthu ayamba kupopera mankhwala m'malo mopalira, chisoso ndi mwamunaaligone sizipezekanso ngati kale. Mankhwala sasankha. Komatu masamba amenewa ndi omwe amagwira banja mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chisanache, ndalama yogulira ndiwo ku Lizulu itasowa. Mtsikana amene sanaonepo luni m'munda adzamudziwa bwanji?

Bambo sanagonje kwathunthu. Anapopera m'mbali mwa mpanda ndi kuzungulira chimbudzi chifukwa choopa njoka, koma kachigawo ka kuseri kwa khitchini anakasiya. Nsatsi tinazula. Mng'ono wanga tsopano amadziwa zomera zitatu zomwe sayenera kukhudza, ndipo amazitchula mokweza kwa mlendo aliyense. Ndisanabwerere ku sukulu, amayi anali atayamba kufutsa luni n'kumuyanika pamphasa, agogo ataimirira pambali kuwauza kuti asamusiye nthawi yaitali m'madzi otentha.