Chifalansa cha pa mbale ya nsima ku Malomo

Malomo ndi malo amene ambiri amangodutsapo. Basi yochokera ku Kasungu kupita ku Nkhotakota imaima pang'ono, anthu n'kugula chimanga chootcha kapena tchipisi cha pachiwaya, kenaka ulendo n'kupitirira. Koma mukafikako mu May kapena June anthu atakolola, simungapazindikire. Masikelo a mavenda amakhala ali mbwee m'mphepete mwa msewu, matumba a soya ndi mtedza akutsika panjinga ndi pangolo, ndalama zikuyenda m'manja mwa anthu omwe mu February ankagonera phala la madeya.

Ine ndidakhalako masiku anayi kugula mtedza, ndipo nkhomaliro ndinkadyera pa kalesitilanti kena ka mayi wina wachikulire, kuseri kwa magolosale. Tsiku lachiwiri mudalowa mnyamata yemwe adali atangogulitsa soya wake. Adaitanitsa mitanda isanu ya nsima, nkhuku ya lokolo, nyama yambuzi ndi mazira awiri. Adadya mitanda iwiri, n'kupempha madzi osamba m'manja.

Pochotsa mbale, mayi aja adati: "Achimwene, vous avez les yeux plus gros que le ventre."

Tonse tidayang'anana. Chifalansa ku Malomo? Mayiwo adaseka n'kumasulira: maso anu ndi aakulu kuposa mimba yanu. Adati kwa zaka zingapo ankagulitsa tomato ndi kabichi ku Dzaleka, m'boma la Dowa, pa msika wa Lachiwiri umene kumeneko amautcha Mardi Marché. Mawuwa ankawamva kwa amayi a ku Congo akamadzudzula mwana wodzaza mbale ndi chakudya choti sachimaliza. Ndidawapempha kuti andiphunzitse, ndipo adandibwerezetsa mpaka lilime lidalola. Adandichenjezanso kuti kwa mwana umayamba ndi tu as, koma kwa wamkulu ndi vous avez, monga momwe ife timasiyanitsira iwe ndi inu. Mnyamata uja, ngakhale adali msinkhu wa mwana wawo, adamupatsa ulemu wa kasitomala.

Chimene chidandikhudza n'kumene mawuwa adachokera. Dzaleka idali ndende m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo idasanduka msasa wa anthu othawa kwawo mu 1994. Lero kuli anthu oposa 50,000, ochokera makamaka ku Congo, Burundi ndi Rwanda, omwe ambiri amadalira thandizo la bungwe la WFP, thandizo lomwe lakhala likuchepetsedwa. Mayi wa kumeneko akamauza mwana kuti maso ake akula kuposa mimba, sakuphunzitsa ulemu wapatebulo chabe, akuwerengera masiku otsala kuti mwezi uthe.

Ifenso tili nawo wathu woti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, komanso mwambo wosunga mkute. Koma mkute ndi wa pakhomo. Nsima yotsala pa lesitilanti imathera kwa nkhumba. Ndipo kwa ine, maso a mu June sathera m'mbale. Madzulo aliwonse ndinkaona malole akunyamuka atapakira chimanga chogulidwa motchipa, pamene aliyense pamsikapo akudziwa kuti mu January adzachigulanso pa mtengo wowawa. Sindikuweruza mlimi, pakuti fizi ya ana ndi ngongole ya feteleza sizidikira. Koma si aliyense wogulitsa amene amakhala atapanikizika.

Mayi aja ali ndi njira yawo. Munthu akaitanitsa mitanda yambiri, amayamba amubweretsera iwiri, yotsalayo n'kuisiya yovindikira kukhitchini kuti aiitanitse akafuna. Ndidawafunsa ngati sakudziluzitsa okha, popeza wolipira mitanda isanu ndiye phindu lawo.

"Bambo," adatero uku akupukuta tebulo, "ameneyu mu February adzabwera pano kudzadya pangongole. Ndimamudziwa."